Burashi ya madzi ndi dzanja langa

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno ku Ching'ambo tilipo, kaya ndinene choncho. Chimanga chaka chino sichinadzaze n'komwe pakona ya chipinda, chifukwa theka la kamunda kathu eni malo amangapo zipinda za ana a ku yunivesite. Mzuzu wakula, Amayi, mutabwera lero mungasochere pa depoti pomwe. Alamu anga a NyaChirwa, akazi a achimwene Yohane, anachira mwezi watha. Kwabadwa mwana wamkazi ndipo amupatsa dzina lanu.

Ntchito yanga ija munkaiseka, yojambula ana kumaso pa maphwando, ikadalipo. Munkati, "Sukulu yonse ija, mapeto ake kudetsa ana a eni ake." Koma ndi yomwe yandidyetsa chichokereni inu. Aphunzitsi a ku yunivesite ndi anthu a m'mabanki sachita phwando la mwana popanda kundiitana.

Kale ndinkayenda ndi kapu ya madzi yoviikamo burashi, ana n'kumaigubuduza. Chaka chatha ndinapeza maburashi ena, chogwirira chake ndi kabotolo ka pulasitiki. Umathiramo madzi n'kutseka, ndiye ukafinya pang'ono dontho limatsikira ku ubweya, iwe n'kukhudza pa penti. Mzere wake umatuluka woonda ngati ulusi. Ndevu za mphaka, mapiko a gulugufe, zonse zinkatheka ndili chiimire, mwana asanayambe kutopa. Lamulo lake ndi limodzi lokha, kuigwira mopepuka. Ukaikanikiza imalavula madzi onse.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze munthu. Dzanja langa lamanja layamba kunjenjemera. Linayamba mu Juni, ndinati ndi kuzizira kwa kuno. Kuzizira kunatha, kutentha kunabwera, dzanja osasiya. Ndinkabisa potsamiritsa chala chaching'ono pa tsaya la mwana, ndipo kwa miyezi ingapo palibe anaona.

Loweruka lapitali anandiitana ku Kaning'ina, ku nyumba ya mpanda wautali. Mwini phwando anali kamtsikana ka zaka zisanu, kovala diresi loyera, ndipo kanafuna gulugufe. Mitundu ndinapaka bwinobwino ndi siponji. Nditafika pa mzere wakuda wa m'munsi mwa diso, dzanja linayamba. Ndinaopa kumubaya mwana m'diso, ndiye ndinagwira burashi mwamphamvu kuti ikhazikike. Madzi akuda anatuluka onse nthawi imodzi, anatsika pa tsaya, m'khosi, mpaka pa diresi. Mwana atadziona pa kalilole analira.

Mayi ake anabwera akuthamanga. Anayang'ana diresi, kenako dzanja langa, nati, "Mama, gwirani bwino burashiyo. Mwamwa kasi?" Ine amene sindinalawepo mowa. Ndinangoti pepani. Amayi ena anayamba kuchotsa ana awo pa mzere mmodzimmodzi, ndipo izi zinandiwawa kuposa mawu aja. Ndinalongedza katundu wanga keke asanadule.

Ndili pa njinga yamoto pobwerera, ndinazindikira kumene ndinawamvapo mawu amenewa. Anatuluka m'kamwa mwanga. Mukukumbukira tsiku lija pa khonde la sitolo pomwe munkasokera, pamene munatayira tiyi pa nsalu yoyera ya mkwatibwi? Ndinakukalipirani pamaso pa mwini nsalu, ndinati, "Amayi, gwirani bwino kapu, simwana inu." Munangotenga nsalu ija kukaiviika m'beseni.

Ndipo nthawi yonse ija munkandipempha kuti ndikulowetsereni ulusi pa singano, munkati, "Maso akalamba, mwana wanga." Ine, chitsiru, ndinakugulirani magalasi. Munawavala tsiku ndi tsiku kuti ndisangalale, chonsecho maso anu ankaona nsabwe pa mutu wa munthu ali kutsidya kwa msewu. Kuchipatala tinapita nanu supuni itayamba kukukanikani, ndipo mukudziwa mmene zaka zotsatirazo zinayendera. Ndinkakumwetsani phala ndine, ndiye palibe chimene munthu angandinamize za kumene njira iyi ikupita.

Ndikuchita mantha, Amayi. Sabata ino foni sinalire ngakhale kamodzi, chifukwa amayi a maphwando onse amadziwana. Dzulo ndinadzaza burashi ndi madzi, ndinakhala pa kalilole kuti ndiyesere pa nkhope yangayanga, pomwe palibe mwana woti alire. Ndinayesa kuigwira mopepuka, inagwa pansi. Ndinaigwira mwamphamvu, inandinyowetsa. Pakati pa ziwirizi ndi pomwe panali ntchito yanga, ndipo sindikupapezanso.

Achimwene Yohane akufuna kuti pa ubatizo wa mwana ndikamunyamule ndine popita naye kutsogolo, poti ali ndi dzina lanu. Ndakhala ndikuzemba, ndikuti ndili ndi chimfine. Lamlungu ndikawauza zoona, ndipo Lolemba ndipita kuchipatala. Ili ndi lonjezo langa kwa inu, ngakhale sindikuyembekezera kumvako zabwino.

Koma chimene ndakulemberani kalatayi si chimenecho. Ndimafuna mudziwe kuti ndadziwa tsopano. Kapu ija munali mutaigwira ndi mphamvu zanu zonse. Mundikhululukire, Amayi.

Ndimakukondani,
mwana wanu Esinati