Khoma la Kummawa

Manga, Beira

Achemwali Lucrécia,

Landirani moni wanga. Mukudzuka bwanji ku Lifidziko ndi chisanu cha mwezi uno? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kufika kutchalitchi? Ine ndili bwino, kungoti fumbi la ntchito landikhala pachifuwa.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa mumandidziwa. Ndikayamba kulankhula mawu amakwera, inu mumadula, nkhani n'kuthera panjira. Iyi ndikufuna ifike yonse.

Mwana wanu Dulce anandiimbira Lamlungu. Akuti alamu a Xavier aganiza zopala njereza yonse pa nyumba ya abambo n'kumatapo simenti, kunja ndi mkati, mvula isanagwe, kuti izioneka ngati nyumba zatsopano za ku Ulongwe. Achemwali, pempho langa ndi limodzi: aletseni.

Malemu abambo anamanga nyumbayo monga anaphunzirira ku mishoni: njerwa zowotcha, zolumikiza ndi dothi, pamwamba mchenga ndi njereza. Khoma lotero limamwa madzi m'dzinja n'kuwatulutsa m'chilimwe, ngati munthu wotuluka thukuta. Mukalimata simenti mwalitseka. Madzi okwera kuchokera pansi amasowa kotulukira, ndiye amakhala mkatimo n'kumadya njerwa, kunja kukusalala ngati mbale.

Izi sindinawerenge m'buku. Shikola ndinalekera kalasi yachinayi, mukudziwa. Ndaziona ndi maso, ndipo wolakwa ndinali ine.

Kuno ku Manga kuli katchalitchi kena ka nthawi ya Apwitikizi. Makoma ake ndi okhuthala mkono wathunthu, mazenera aatali okhota kumwamba ngati khomo lathu lakutsogolo. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, nditangofika, akuluakulu a mpingo anandipatsa ntchito yokonza khoma loyang'ana kunyanja. Mkulu wina woimba belu, a Paulino, anandiuza kuti khomalo limangofuna mchenga ndi njereza, monga ankalichitira kuyambira ali mnyamata. Ndinawayankha kuti asamale belu lawo, za makoma andisiyire. Ndinamata simenti yolimba, anthu anandiyamikira, ine n'kumayenda ngati tambala. Safunsa anadya phula. Ine ndinaposa pamenepo, chifukwa ndinauzidwa osafunsa, n'kukana.

Kumapeto kwa dzinja lapitali khomalo linatupa mimba. Loweruka lina masana linagwera mkati, akwaya atangotuluka kumene. Linaphwanya mipando itatu yomwe anakhalapo. Palibe anavulala, koma mayi wina anabwerera kukatenga mpango wake n'kuupeza pansi pa njerwa. Mpaka lero akuti safuna kukhala mbali imeneyo.

Akuluakulu a mpingo anandiitananso pamodzi ndi amisiri ena. Wotiyang'anira ndi mayi wophunzira za nyumba zakale, dona Flávia. Tsiku loyamba anatola njerwa imodzi, anaifinya ndi dzanja limodzi, inayoyoka ngati chigumu chouma. Kenako anafunsa kuti chitsiru chomwe chinamata simenti pamenepa chinali ndani. Aliyense anayang'ana pansi. Magazi anandikwera, ndinafuna kuwayankha zoti asadzaiwale, koma ndikanayankha chiyani? Ndinawauza kuti chitsirucho ndine, ndipo ndili pompano. Anandipatsa nyundo, nati popeza ndikudziwa pomwe ndinayambira, ndiyambire pomwepo kuchotsa.

Ino ndi sabata yachisanu ndi chimodzi ndikugumula ntchito ya manja anga. Ndinafunsa za a Paulino kuti ndikawapepese. Anandilozera kumanda. Anatisiya zaka ziwiri zapitazo.

Tsono ganizirani za kwathu. Mvula ya kumeneko imamenya khoma la kummawa, chifunga n'kumakhalapo mpaka dzuwa litakwera. Kuseri kwa khoma limenelo ndi kumene kuli kama wa amayi.

Alamu sindikuwanyoza. Akhala akusamala nyumbayo zaka zonsezi ine ndili kuno, ndipo akufuna zabwino. Ndi zomwe ndinkafuna inenso. Ngati matumba a simenti afika kale, sanawonongeke: khola la nkhumba likufuna pansi polimba. Mwezi wa Agosito tikhala titamaliza kuno. Ndidzabwera ndi njereza, tidzamate limodzi ndi alamuwo, ndipo ndalonjeza kuti sindidzakweza mawu. Mwina kamodzi kokha.

Akaumirira, auzeni izi monga ndalemberamu. Khomalo siligwa chaka chino, ngakhale chamawa. Lidzakhala lokongola, anthu odutsa pamsewu adzawayamikira. Lidzagwa tsiku lomwe tonse tidzakhale titaiwala, ndipo amayi ndi bondo lawo sadzatha kuthawa.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za khoma logwalo musawauze, angasowe mtendere m'nyumba mwawo momwe. Moni kwa azakhali ku Kalomwe, kwa Dulce ndi abale ake onse. Alamu a Xavier muwapatse moni waulemu, ndipo muwawerengere kalatayi yonse. Musadumphe pomwe ndadzitchula chitsiru. Pamenepo ndi pomwe angamve.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu,
Elísio