Foni Yapita ndi Mkamwini

Okondedwa achimwene Inácio,

Muli bwanji ku Maputo? Alamu a Virgínia ndi ana akudzuka bwanji? Kuno ku Cuamba tili moyo, kungoti dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira. Amayi ku Ngauma mwendo uja wayambanso, koma khasu sakulisiya.

Ndalemba pamanja n'kukujambulirani pa foni, chifukwa pa tsamba la pulogalamu yathu pamawerenga dziko lonse, ndipo za m'nyumba sitiyanika pamsewu.

Pulogalamu yolowera pa intaneti ija, imene aliyense amaloledwa kuiona m'kati ndi kuikonza, ndinaiika pa kompyuta ya bungwe la alimi kuno. Mlimi amalemba nambala ya foni, kodigu ya manambala achinsinsi imabwera pa meseji, basi walowa. Mbewu ya soya amalandira poonetsa kodigu yomweyo.

Sabata yatha ndinatumiza zosintha zanga, zakuti munthu akataya kapena kulandidwa foni, mboni ziwiri za m'bungwe zimuvomereze, nambala isinthidwe. Inu, monga mmodzi wa osunga pulogalamuyo, munakana. Munalemba m'Chingerezi chosalala kuti anthu awiri akhoza kupangana n'kulanda malo a mnzawo, wosunga mnzanu wa ku Ulaya uja n'kukuvomerezani, nkhani n'kutsekedwa. Ndinapsa mtima, sindikubisirani.

Munthu amene ndinkamulembera zimenezo ndi Ernestina, mlongo wanu.

Ukwati wake ndi Dércio watha. Mukudziwa mmene mkamwini amachokera pamudzi: amanyamula zimene anabwera nazo. Watenga njinga, wailesi ndi foni. Munda ndi wa Ernestina, wochokera kwa amayi, ndipo m'bungwe dzina ndi lake. Koma nambala analembetsa ya Dércio, poti kwathu kuja foni imakhala m'thumba la bambo. Inu kumeneko mumaganiza kuti foni imodzi ndi munthu mmodzi. Nanenso ndinaika pulogalamuyo osaganizako, chonsecho ndinakulira komweko.

Dércio ali ku Entre Lagos, akunyamula katundu pa sitima. Ndaona pa kompyuta kuti walowa kale m'dzina la Ernestina, n'kusintha kuti mbewu akalandirire ku Mandimba. Galimoto ya mbewu ikubwera Lachisanu, ndipo woonetsa kodigu ndiye wonyamula matumba. Mitambo yayamba kale kusonkhana. Mbewu ikapita, chaka chino munda uja ugona, ndipo ana a Ernestina aja adzadalira nkhokwe ya amayi imene inu mukuidziwa kuchepa kwake.

Ernestina anakwera chapa, minibasi ija, kukamupempha. Akuti Dércio anangoseka, n'kumuuza kuti makina sanama, akudziwa mwini wake. Atafika kwa ine, fumbi lili m'maso, anandifunsa ngati makina angawo nawonso anakwatiwa ndi Dércio.

Mwina mukuti, nanga iwe Nilza, kiyi wa kompyutayo suli naye? Ndili naye. Dzulo ndinatsegula, nambala ili apo. Kufufuta sikukanatenga nthawi. Koma ndinaima pamaso pa alimi n'kulonjeza kuti sindidzakhudza malo a munthu mwamseri, ndiponso kuti tidzagwiritsa ntchito zokhazo zimene osunga avomereza poyera. A Naima, apampando athu, andiuza mosapsatira kuti ndikatsegulira m'bale wanga pakhomo la kuseri, mawa aliyense adzabwera ndi m'bale wake, ndipo bungwe lidzabwerera kwa akalaliki aja ankagawa mbewu poyang'ana nkhope. Akunena zoona, n'chifukwa chake zikundiwawa.

Za akuba zija simunaname ayi. Koma munthu akaona denga likudontha sagwetsa nyumba. Ngati mboni ziwiri zachepa, nenani zitatu. Ngati mukufuna kuti mayina awo azionekera kwa onse, ndilemba lero lomwe. Tsegulaninso nkhaniyo, muwerenge bwino zimene ndinatumiza, mundionetse polakwika ndikonze. Ndikufuna yankho pofika Lachinayi. Likapanda kubwera, sindikudziwa ngati ndidzasunga lonjezo kapena mbewu, ndipo ndikuopa zonse ziwiri.

Ernestina sakudziwa kuti wokanayo ndinu. Anandifunsa dzina lake, ine ndinati ndi bambo wina wa kutali. Amayi atamva anati ndisavutike, ndingokuuzani inu, poti ndinu mwini mbumba, ndiponso ndinu munali nkhoswe pa ukwati umenewu. Akuti inu mumadziwa kulankhula ndi anthu ophunzira, mukamupeze bamboyo, mukamufotokozere mmene timakhalira kwathu kuno, ndipo ngati ali ndi mlongo amva.

Ndiye uthenga wa amayi ndi umenewo, ndaufikitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni, akupatseninso mtima wofewa.

Ndine mlongo wanu,
Nilza