Atsibweni anga ali pa chithunzi chopemphera thandizo

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kwa Kasisi ku Chikwawa, ndipo ndili m'gulu la achinyamata a kuchigwa kuno lomwe limathandiza anthu ogona m'makonde a masitolo ku Limbe. Kamodzi pamwezi timakwera phiri pa minibasi n'kukawaphikira mpunga wa nyemba. Zogulira chakudyacho timazipeza potsuka magalimoto komanso poyenda maulendo a ndawala. Ndinalowa gululi chifukwa ambiri ogona m'makondemo ndi akwathu konkuno, amene madzi osefukira anawathamangitsa m'madimba.

Mwezi wathawu ine ndinali pa chipande, kugawa ndiwo. Mzere ukatalika suyang'ananso nkhope, umangothira. Bambo wina atalandira anati "takhuta", kuthokoza kwa kwathu kuchigwa, ndipo mawu ake ndinawazindikira. Nditakweza maso ndinapeza kuti ndi atsibweni anga, a Augustino, achimwene awo a mayi anga.

Kumudzi tonse timadziwa kuti a Augustino ndi alonda pa kampani ina ku Blantyre. Anachoka kuno dimba lawo litakwiririka ndi mchenga, ndipo akaimba foni amadandaula za mabwana ovuta ndi kuzizira kwa kumtunda. Mayi amawanyadira kwambiri. Munthu akawaputa pa nkhani ya malire a munda amangoti, "Dikirani achimwene abwereko ku tauni." Koma ntchitoyo inatha kalekale. Masiku ano amasenza katundu wa anthu mumsika, tsiku likavuta amapempha.

Anandikokera kuseri kwa galimoto n'kunena kuti, "Mwana wa mlongo wanga, iwe sunandione. Ukakanena kumudzi, wandikwirira ndili moyo." Ndinavomera. Munthu wamkulu akamakupempha atagwira mbale ya pulasitiki m'manja sungamukanize kanthu. Ine ndinabwerera pa chipande, iwo anapita kukadyera kutali.

Vuto lili apa. Tsiku lomwelo wapampando wathu, a Goodwell, ankajambula zithunzi, ndipo chimene komiti yasankha kuika pa mapositala a ulendo wa ndawala wa mwezi wamawa ndi cha atsibweni. Akuoneka bwinobwino, imvi zili mbuu, mbale atailandira ndi manja awiri. Ulendowu uyambira pa Dyeratu kukathera ku Blantyre, choncho mapositala adzamatidwa m'masitolo ndi m'matchalitchi a kuno konse. Ndinayesa kunena kuti tisankhe china, koma a Goodwell anati, "Aphunzitsi, anthu sapereka akaona munthu wonenepa. Madala awa nkhope yawo imatsegula matumba." Chifukwa changa sindinachitchule, ndiye ndinangooneka wovuta.

Kuwonjezera apo, ndapeza banja. Akuchimuna akufuna kubwera kudzaonekera, ndipo mayi akuti palibe chingachitike popanda mwinimbumba, poti a Augustino ndiwo ankhoswe anga. Tsiku lililonse akundikumbutsa kuti ndiwaimbire tipangane tsiku.

Sindibisa, ndikuchita manyazi, komanso ndikuwamvera chisoni. Ndikaulula ndiwavula atsibweni, ndikakhala chete positala iwavula. Kodi ndingosiya gululi, kapena nditani?

J.A., Chikwawa

Zikomo a J.A.,

Kusiya gulu sikuchotsa chithunzi. Mungochokapo inu, atsibweni n'kutsala pa khoma. Zimenezo iwalani, tiyambe ndi chimene chili ndi changu.

Kaonaneni ndi a Goodwell sabata yomwe ino, mapositala asanapite kosindikiza. Muwapeze paokha, osati pa msonkhano pomwe aliyense amafuna kupambana mkangano. Afunseni ngati bambo ali pa chithunzipo anavomera kuti nkhope yawo imatidwe m'masitolo. Yankho mukulidziwa kale. Munthu akalandira mbale ya mpunga sanagulitse nkhope yake. A Goodwell akaumirira, auzeni kuti bamboyo ndi wa kuchigwa komweko ndipo abale ake adzamuzindikira. Dzina simukukakamizidwa kulitchula. Koma zikafika pothina, nenani kuti ndi m'bale wanu ndipo mukukaniza. Kuli bwino adziwe munthu mmodzi kusiyana ndi Dyeratu yense.

Ndikudzudzuleniko pang'ono, musandikwiyire. Mwakhala m'gululi nthawi yonseyi, zithunzi za anthu ena zikumatidwa, inu osaonapo cholakwika. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense wogona m'makondemo ali ndi kwawo, komwe amatchedwa bambo kapena atsibweni. Choncho musangomenyera nkhondo chithunzi chimodzichi. Pemphani komiti ikhazikitse lamulo loti munthu asajambulidwe asanavomere, ndipo aziuzidwa komwe chithunzicho chikamatidwe. Ngati positala ikufuna nkhope, ikanipo zanu mukutsuka magalimoto, kapena ya a Goodwell atasenza thumba la mpunga, poti nawonso nkhope ali nayo. Mwina zopereka zichepako. Zichepe, ntchito yanu ndi yabwino ndipo siifera pamenepo.

Tsopano za atsibweni. Musadikire tsiku la mpunga. Kwerani minibasi tsiku lina, nokha, mutavala chitenje osati tisheti ya gulu, mukawafunefune mumsika momwe amasenza katundu. Nkhani ya chithunzi aimve kwa inu, pamodzi ndi zimene mwachitapo. Za lonjezo lija, auzeni mosapita m'mbali kuti simukalengeza kumudzi, koma mayi akakufunsani maso ndi maso simuwanamiza. Woyenera kuuza mlongo wake ndi mwini wake nkhaniyo. Muwakumbutsenso mwaulemu kuti minibasi za kuchigwa zimatsitsa anthu a kwanu mu tauni tsiku ndi tsiku. Lero awaona ndinu, mawa adzawaona munthu wopanda chisoni.

Mayi anu adzakhumudwa, mwina adzalira, mwinanso adzakalipa. Asiyeni atero. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mlongo amene amaopsezera anthu dzina la achimwene ake sangawataye chifukwa ntchito inatha.

Za ukwati musade nkhawa. Umwinimbumba suchokera ku ntchito yaulonda, munthu amabadwa nawo. Nkhoswe safunsidwa komwe amagona, amafunika nzeru ndi pakamwa pabwino, ndipo zimenezi madzi sanakokolole. Agulireni malaya ndi nsapato mwakachetechete, muwapatse yokwerera, abwere adzakhale pa mpando wawo. Akuchimunawo ngati angathawe chifukwa atsibweni anu ndi osauka, ndi bwino athawe pano musanawononge nkhuku. Mwambo ukatha, zoti atsale kumudzi kapena abwerere ku tauni asankhe okha. Ndi munthu wamkulu, samangidwa chingwe.

Chenjezo langa ndi ili: musawasandutse atsibweni ntchito ya gulu lanu. Musawasonkhere, musawatengere anzanu kukawaona, ndipo tsiku limenelo musanyamule chakudya. Bambo ameneyu wakhala akutambasulira anthu manja, koma papita nthawi yaitali wina asanabwere kudzapempha kanthu kwa iye. Mukawapeza, gwadani, apatseni moni, muwauze kuti mwapeza banja ndipo popanda iwo simukwatiwa. Mukatero khalani chete, oyankhula akhale iwo.

Aphungu