Kalongonda sathamangitsidwa

Chitakale, Mulanje

Mlongo wanga Chester,

Uli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chinatha? Ife kuno tikudzuka, koma usafunse za mtendere. Ndasankha pepala dala, chifukwa pafoni umalankhula wekha ngati wailesi.

Zaka makumi awiri amayi akhala akugulitsa kalongonda pa siteji ya Chitakale ndi miphika yawo iwiri. Pofika masana amakhala atatsuka kale. Miphika imeneyi ndiyo inakuphunzitsa sukulu, iwe amene lero ukuitcha ya umphawi.

Unatumiza mapoto atatu akuluakulu, ati bizinesi izikula. Unalembetsa chikwangwani cha dzina la amayi, nkuuza mkazi wako Sharon akatsegule malo ena ku Likhubula. Amayi anakuuza kuti udikire, mlamu ayambe wakhala nawo pamoto mwezi umodzi. Unayankha kuti kudikira ndi kumene kumatisaukitsa a Malawi.

Iwe Chester, Mlomwe wa kuti iwe? Waiwala kuti kalongonda si nyemba? Amawira tsiku lathunthu, ukutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu wonse utachoka. Sharon ndi wa ku Kasungu, anakulira chipere. Anawiritsa maola atatu, nkutaya madzi kamodzi, poti iwe unkaimba foni kufunsa ngati watsegula.

Loweruka limene anatsegula, amene anadya ndi azibambo asanu onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Asanafike patali, chizungulire, kusanza. A Robson, aja ankatisenzera nkhuni bambo atamwalira, anagwa pathanthwe ndi chikwama cha mlendo kumsana. Mwendo thyo! Ali ndi chikhakha mpaka m'ntchafu, ndipo adokotala akuti za phiri aiwale chaka chino. Ana awo ndi anayi.

Pano ukafunsa Mulanje yense, palibe akutchula Sharon kapena Chester. Akuti kalongonda wa mayi Alufeyo walodza anthu, poti ndi dzina limene linali pachikwangwani. Makondakitala amene ankalimbirana mbale akumadutsa atayang'ana kumbali. Amayi akumadzukabe kuphika. Akumakhala pasiteji nkumadya okha pamaso pa anthu, supuni ndi supuni, kuti aone kuti safa. Dzulo anadya mbale zitatu, popanda wogula ngakhale mmodzi. Ndinalira, Chester, ndinalira ndi ukali.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga, ndiulule. Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti atsegule, ndinadutsa ku Likhubula, ndinaona nkhuni zimene Sharon anasonkhanitsa. Ndinadziwa kuti sizingapsetse ngakhale poto mmodzi. Ndinakhala chete. Mumtima ndinkati amve kuwawa kwake, anthu amuseke, inu awiri muphunzire. Sindinaganize za mwendo wa munthu. Ndakapepesa kale kwa a Robson, ndipo akazi awo sanandipatse ndi mpando womwe. Sindikuwadandaula.

Ndiye ndikumva kuti wauza Sharon kuti vuto ndi dzina chabe, tisinthe chikwangwani tikatsegule ku Limbuli kumene satidziwa. Ha! Manyazi ulibe? Amayi akasinthe dzina ali ndi imvi? Sindikukana kuti bizinesi ikule, nanenso ndimafuna amayi atapeza kashedi kamalata m'malo mwa ambulera. Koma kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo iwe kudekha unakusiya pa boda ya Mwanza.

Chikwangwani ndakazula, chili kuseri kwa khitchini. Mapoto ako tikutungira madzi. Sharon ali kuno kwathu, amayi amukhazika pamoto kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sanamukalipire ngakhale kamodzi. Akuti mwanayo sanalakwe, anatumidwa.

Ukapereke moni kwa amalume a Simon ndi onse a kwathu ali kumeneko. Mulungu akusunge, chifukwa ndikukufuna wamoyo kuti udzayankhe. Usatumize kanthu. A Robson anena kuti akufuna kuona nkhope ya mwini mapoto. Bwera wekha udzaime pakhomo pawo, poti iwe miyendo uli nayo iwiri.

Ndine mlongo wako,
Ireen