Kakhadi ka Nyimbo za Achimwene

Lolemba, 3 Juni
Achimwene pobwera kowotcherera zitsulo, osasamba, mahedifoni m'makutu. Nyimbo zawo zija, amati hevi meto. Magitala ngati chigayo, munthu akukuwa ngati akumupha. Chimwalirireni mwana wawo, ndi zomwezi. Amagwedeza mutu ali pabedi, thukuta kamukamu, kenako amatuluka n'kudya nafe.
Amayi akuti ndi za ziwanda. "Zikumudya mutu mwana wanga."

Lachinayi, 6 Juni
Amayi anandituma nditulutse kakhadi ka nyimbo m'foni ya achimwene ali kosamba. Kukana sinditha ine. Ndakatulutsa ndi chikhadabo. Amayi akaponya pamoto. Fungo la pulasitiki nyumba yonse.
Achimwene sanakalipe. Angoyang'ana foni, kenako ine. "Chabwino, mlongo." Bola akanandimenya.

Lachiwiri, 11 Juni
M'nyumba zii. Amayi akondwa. Koma mbale ya achimwene ikubwerera osaikhudza. Kuntchito sakupita. Abwana awo anabwera kudzawaona, koma abwerera pakhomo.

Lachisanu, 14 Juni
Ndapeza achimwene akupinda zovala zawo zonse, bwinobwino. Andipatsa jekete lija amalikonda. Anati, "Anthu a m'nyimbo aja ankakuwa m'malo mwanga. Pano phokoso lonse lili muno." Akuloza pachifuwa.
Ndabisa chingwe choyanikira zovala ndi mankhwala a makoswe. Ndauza amayi. Akuti tingopemphera.

Loweruka, 15 Juni
Ndapita kwa woika nyimbo m'mafoni. Ndamuuza kuti mayina a nyimbo za achimwene sindiwadziwa. "Ndiye imbani timve, achemwali." Pabenchi anthu tho. Ine wolephera ngakhale kupereka moni mokweza. Ndinatseka maso n'kukuwa. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Wina anati, "Kodi mukubereka?"
Koma pokuwa paja misozi inatuluka, m'chifuwa munapepuka pang'ono. Ndiye zimenezi tinawotcha.
Woika nyimbo uja wandiikira zochepa zomwe anali nazo.

Lamulungu, 16 Juni
Amayi ali kutchalitchi. Chitseko cha achimwene n'chokhoma chiyambire dzulo. Ndagogoda, ndaitana, zii. Ndaika foni yanga pansi pa chitseko, ndakweza nyimbo zija mpaka pamapeto. Sindikudziwa ngati ndi nyimbo zomwezo. Yoyamba yatha. Yachiwiri yatha. Bedi lalira kamodzi, kapena ndi makutu anga.
Ndikulemba nditakhala pansi pompano, msana pachitseko. Batire latsala pang'ono