Umboni wa a Bizwick

Lachiwiri, 14 Januwale 2025
South Bend yonse mbuu, sinowo mpaka m'mawondo. Poweruka kusukulu ndatsika basi pafupi ndi khoti, kungoliyang'ana. Pepala la adadi lili mmenemo, miyezi naini tsopano. Habeas corpus. A loya akuti ndi pempho loti jaji aone ngati munthu akusungidwa m'ndende molakwika. Ndimasankha windo limodzi la pamwamba n'kumati jaji ali pamenepo, kapu ya khofi pambali, akuwerenga tsamba 31. Tsambalo ndinatayipa ndine. Umboni wa a Bizwick, woti tsiku limene galimoto ya adadi inagunda munthu pamalo omwetsera mafuta a Speedway, adadi anali nawo pa shifiti, akusambitsa okalamba. Galimotoyo anali atabwereketsa. Loya woyamba wa mlanduwo sanawaitane n'komwe a Bizwick kukhoti. Adadi atha zaka zinayi m'ndende.

Lamulungu, 19 Januwale
Adadi aimba foni kuchokera kundende. Mawu olemera, akuti ndi mutu chabe. "Tuse, kalata yako ndawerenga katatu, Chichewa chako chayamba matama." Ndaseka mpaka mawu ojambulidwa a pafoniyo anati kwatsala miniti imodzi. Tsiku lawo lotuluka ndimaliona bwinobwino. Jekete yawo ya buluu, ine pa chiwongolero ndi kapemiti kanga kophunzirira kuyendetsa, iwo akuponda buleki yomwe kulibe.

Lolemba, 27 Januwale
Chipatala, Indianapolis. Maola atatu pamsewu, minda yoyera yokhayokha. Sitiroko. Tinapeza adadi atapita kale. Amami anapempha mlonda wa ndende kuti atuluke kaye. Anatuluka.

Lachinayi, 30 Januwale
Nyumba yadzaza. Azimayi akuimba pabalaza, nsapato mulu pakhomo. Ndinalowa kubafa kuimbira a loya, kufunsa kuti jaji agamula liti, poti chatsala n'chokhacho. Akuti pempholi limafuna chinthu chimodzi basi, kumasula munthu amene ali m'ndende. Adadi salimonso, ndiye khoti lilibe chochita. Ndinati ndilowe m'malo mwawo, ndine mwana wawo. Akuti ayi, zimenezi sasiyirana. Chigamulo chakale chija chikhala momwemo.
Ndiye olakwa mpaka kalekale? Ndinatsegula mpopi kuti azimayi asandimve.

Lachinayi, 6 Febuluwale
Yankho labwera. Tsamba limodzi, mizere sikisi. Dismissed as moot, ndiye kuti nkhani yatha yokha, palibe choweruza. Tsamba 31 osalitchula olo pang'ono. Masana ndinasinza pampando, n'kulota adadi atakhala pabenchi ya khoti, sinowo ikugwa m'chipinda momwemo, jaji akufunafuna magalasi ake m'matumba.
A Hamilton, akulu a mpingo, andipatsa ntchito yotayipa pulogalamu ya mwambo wa Loweruka, thupi lisananyamuke kupita ku Ntcheu. "Paja iwe ndiwe mlembi wathu. Koma za kundende zisamveke, mwanawe, akumudzi adzakhala akuonera pa foni." Oyankhula andilembera atatu: woimira banja, woimira mpingo, woimira a Malawi a ku Indiana.

Lachisanu, 7 Febuluwale
Ndinali wamng'ono pa maliro a agogo ku Ntcheu, koma ndikukumbukira bambo wina wa tayi akuyankhula m'malo mwa ogwira nawo ntchito. Ndafunsa amami ngati mwambo wake ndi umenewo. Andiyang'ana n'kuti, "Ndi umenewo. Lemba."
Ndaimbira a Bizwick. Akuti zaka zinayi zonsezi akhala akudikira kuti wina awaimike pagulu. "Ndinena ndi ola lomwe, mwana wanga, ndi nambala ya chipinda yomwe."
Ndawalemba ngati woyankhula wachinayi pa pulogalamu, woimira ogwira nawo ntchito. Ndapulinta 120 ku laibulale, ndapinda ndekha. A Hamilton sanaione. Aiona mawa pakhomo la tchalitchi limodzi ndi aliyense, poti wogawa ndine.