Kachomera kanga sikatuluka m'nyumba muno

Lachinayi madzulo, kuno ku Lupaso. Lero mtima wanga wawira.

Pobwera kuntchito ndapeza alamu, achemwali a amuna anga, atatulutsa kachomera kanga kaja ka masamba ngati nthenga, kamene ndinakazula kunkhalango ya Kaning'ina. Akuti kaothere dzuwa. Kanthu kokulira mumthunzi! Masamba atatu apserera.

"Alamu, sukulu yonse ija mapeto ake kuweta udzu pabalaza?" atero iwo. "Mumphikamo tibzalemo anyezi."

"Yewo chomene," ndawathokoza, "koma anyezi ali kumsika."

Amuna anga angobisala kuseri kwa foni.

Ndakabweza pakona pake, ndakawaza madzi. Poyang'anitsitsa pakati ndaona kamphukira katsopano, kofumbata ngati chibakera. Basi ofumbata chibakera tilipo awiri. Mawa alamuwo angoyerekeza kukakhudzanso...